Fulasiki ya Asewele

Ku wodi ya amayi oyembekezera kumene ndinkakolopa, fulasiki sinkalowa isanadutse pansi pa mphuno ya a Namphuno. Dzinalo tinawapatsa ndife, ndipo ankaliyankha popanda vuto. Ntchito imene anawalembera inali yokolopa ngati ine, koma mopu yawo inkangouma pakhoma. Nthawi yoona odwala ikakwana ankakoka benchi n'kuliika pakhomo, n'kukhalapo atatambasula mwendo umodzi kutseka njira.

"Tsekulani."

Mawu awo anali amenewo. Moni ankabwera pambuyo, ngati wabwera n'komwe. Mwini fulasiki akatsekula, iwo sankaika mphuno pakamwa pake penipeni ayi. Ankakupizira nthunzi kumaso ndi dzanja, n'kutsinzina. Tiyi akakhala wabwino ankabweza osanena kanthu n'kupinda mwendo. Akakhala winawake uja ankadzuka, n'kukamukhuthulira m'ngalande ya kuseri kwa chitseko mwini wake akuona, n'kutsuka fulasiki pampopi, n'kuibweza ndi manja awiri ngati mphatso.

Chimene ankasaka ndi muzu wofulumizitsa matenda. Kuwodi kwathu mayi akayamba kumva zowawa za kubereka tinkati matenda ayamba, akabereka tinkati wachira. Muzuwo amauwiritsa, ndipo mayi akamwa madzi ake mimba imakoka mosapumira. Ena amachiradi msanga, n'chifukwa chake anthu sausiya. Ena mwana amabanika, ena chiberekero chimang'ambika. Izi sindikunena zomva, magazi ake ndinakolopa ndine. Ndipo obweretsawo sanali anthu oipa. Anali amayi ake a wodwala, azakhali ake, achemwali ake, anthu otopa ndi kugona pakhonde, oopa mpeni wa adokotala kuposa china chilichonse.

Nzeru zobisira zinali zambiri. Ena ankathira jinja mpaka tiyi kuluma m'maso, ena mandimu, ena mkaka ndi shuga wa banja lonse. Wina anabwera nawo m'botolo la mafuta odzola. Wina ananyika mkate m'madziwo n'kuuyanika, a Namphuno n'kuugwira ndithu. Kwa iwo munthu aliyense anali wolakwa mpaka nthunzi itamuchitira umboni. Womwetulira kwambiri ankati ali ndi chobisa, wosamwetulira ankati wadzigwira yekha. Akazi a abusa ananunkhizidwa, anakadandaula kuofesi, anabwera mawa lake n'kununkhizidwanso. Ngakhale ine amene tinkabwerekana ndowa, tsiku lina ndinawapeza atatsinzina pa fulasiki yanga.

"Kodi ine ndili ndi mimba, mayi?" ndinawafunsa mtima utatentha.

"Ulibe," anatero. "Koma uli ndi anansi."

Amuna awo anali atachoka kalekale, ndipo ife tinkaseka kuti anatopa ndi kununkhizidwa malaya. Sitinkasekera pafupi, chifukwa makutu awonso sanali ogona.

Fungo la muzuwo ankalidziwa chifukwa anakulira m'menemo. Azakhali awo anali mzamba, ndipo iwo anayamba kugwira beseni mabere asanamere. Nthawi imeneyo chipatala chinali kutali, amayi ankachirira m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, pali lumo, ulusi ndi mphika wa mizu pamoto. Azakhali atamwalira kachipindako kanakhala kawo. Kenako boma linaitana azamba kuti akaphunzire. Anawaphunzitsa kusamba m'manja mpaka m'zigongono, kuwiritsa sizasi, kuzindikira mwana wogona mopingasa. Anabwerako ndi bokosi lachitsulo muli magolovesi, sopo ndi nyale, ndipo bokosilo ankalipukuta kuposa mmene ankapukutira mbale zawo. Patapita zaka boma lomwelo linati azamba asiye, aliyense azikachirira kuchipatala, mzamba ntchito yake ikhale yoperekeza basi.

"Amene anandipatsa bokosi ndi omwewo anabwera kudzalitenga," ankatero. "Galimoto yokha ndiyo inasintha."

Anayamba kuperekeza. Tsiku lina atabweretsa mayi wina, anadutsa pafupi ndi bedi la munthu wosamudziwa amene anali ndi kapu m'manja, n'kuima. "Uyu asamwe icho." Asisitala a nthawi imeneyo, ndiye kuti mkulu wa anamwino, anaona kuti mphuno yotere ndi yosataya, n'kuwapezera mopu.

Koma mbiri inawatsatira. Kunkamveka kuti mkazi wa kalipentala wina anafera m'kachipinda kawo mwana ali m'mimba. Ena ankati anamumwetsa muzu ndi iwo, ena ankati anabwera atamwa kale kwawo. Ndinawafunsapo kamodzi tikuchapa mamopu, anandiyankha kuti ndowa yanga yasefukira. Choncho anamwino ankakhulupirira mphuno yawo, koma manja awo ayi. Kugwira mimba ya wodwala kunali koletsedwa kwa iwo, ndipo asisitala amene tinali nawo pa nthawi yanga, mayi wachilungamo koma wosaseka ndi ntchito, nthawi zina ankawauza kuti atsekule chikwama chawo nawonso. Ankatsekula mosang'ung'udza. Ndikuganiza kuti ankawalemekeza chifukwa cha zimenezo, poti kwa a Namphuno munthu wokayikira anzake ndiye anali wanzeru.

A Namphuno anali ndi mwana mmodzi, makaniko, wamtima wapachala. Anakwatira mtsikana wosoka zovala, wofatsa, wolankhula ngati akupepesa. Mimba yoyamba ya mtsikanayo inavuta. Anakhalitsa ndi matenda, anamuthamangitsira ku thiyeta, anamung'amba, koma mwana sanalire. Anatsala ndi chipsera pamimba ndi matewera osagwiritsa ntchito. Mimba yachiwiri itakula, adokotala ananena poyera kuti asayerekeze kuchira yekha. Mwana anali wamkulu, ndipo chipsera chija chikanatha kutseguka matenda akalimba. Anamugoneka kuwodi kwathu pabedi la pawindo, kuti m'mawa mwake amuchite opaleshoni matenda asanayambe.

Ndikukolopa pansi pa bedi lake anandifunsa monong'ona. "Achemwali, kodi munthu amadzuka kawiri ku thiyeta?" Ndinamuuza kuti ndaona ena akudzuka kangapo n'kuyamba pomwepo kudandaula za njala. Anaseka, koma manja ake sanachoke pamimba.

Amayi ake a mtsikanayo ankagulitsa mbale ndi makapu pamsika. Kwa a Namphuno amenewa anali asewele, poti ana awo ndi amene anakwatirana. Ulemu wa pachisewele ndi wolemera. Mumapatsana moni wautali, simukanirana chakudya, simufunsana za m'chikwama, ndipo mukasemphana mawu pang'ono pokha, banja la ana limamva kuzizira. Awiriwa ankalemekezana kwambiri moti sindikudziwa ngati ankakondana. Chimene tonse tinkadziwa n'chakuti mayi wambaleyo ankati mdzukulu wake woyamba anaphedwa ndi mpeni. Ankanena motsitsa mawu, koma ankanena paliponse.

Tsikulo a Namphuno anafika atakwiya kale. "Lero ndinunkhiza ngakhale madzi a pampopi," anatero akukoka benchi. Masana amenewo anakhuthula mafulasiki angapo, ena mwina osalakwa. Eni ake sanachoke, anaima pakhonde akutukwana chamumtima.

Ndiye anatulukira asewele. Ine ndinali ndi mopu pakhonde pomwepo. M'chikwama mwawo munkaoneka fulasiki yofiira yopindika pambali, chivundikiro chake atachikulunga ndi pulasitiki n'kumanga ndi kansalu. Tiyi wamba samumanga choncho. Ndinasiya kukolopa. Amayi okhuthuliridwa aja nawonso anasiya kulankhula. Tonse tinkadikira mawu aja.

Mawuwo sanatuluke. A Namphuno anayang'ana fulasiki, anayang'ana asewele awo, n'kupinda mwendo. Anadzuka n'kulandira chikwama ndi manja awiri.

"Mwayenda bwanji, asewele? Kunyumba ali bwanji? Bweretsani ndikunyamulireni."

"Ya abale ilibe fungo," anatero mayi wina kumbuyo kwanga, mokweza ndithu.

A Namphuno anamva, koma sanacheuke. Anatsogola ndi chikwama, asewele ali pambuyo. Ine ndinawatsatira ndi mopu, kukolopa pamene ndinali nditakolopa kale. Pakhondepo pali kona pafupi ndi chipinda chosungiramo mabulangete. Atakhota pamenepo sindinawaone kwa kanthawi, chifukwa ndowa yanga inakodwa ku mwendo wa machira. Kona imeneyo inadzandisowetsa mtendere pambuyo pake.

Nditalowa m'wodi ndinapeza asewele akumasula kansalu kaja. Mtsikana anali atakhala tsonga, nkhope itatupa. A Namphuno anaima kumiyendo kwa bedi manja ali kumbuyo. Tiyi atayamba kutsikira m'kapu, fungo la jinja linafika mpaka pamene ndinali. Ine ndinangomva jinjayo basi. Koma ndinaona mphuno ya a Namphuno ikufutukuka, maso n'kutsinzina okha.

"Imwa akadali wotentha, mwanangu," anatero amake. "Madzulo akuletsa chilichonse."

Mtsikana analandira kapu.

"Asewele," anatero a Namphuno, mawu ali ofewa moti sindinawazindikire. "Mwana ayambe kumwa ife akuluakulu tikuyang'ana? Kukhosi kwandiuma chikhalire pakhomo paja."

"Uyu ndi wa wodwala, asewele. Wanu ndibwera naye mawa."

"Mawa n'kutali. Kapena tiyi wa asewele anga ali ndi anthu ake omwa?"

Pamenepo panali povuta. Kukana kukanakhala kuvomera kuti m'tiyimo muli kanthu. A Namphuno anatenga kapu m'manja mwa mpongozi wawo, anakhala m'mphepete mwa bedi, chinthu choletsedwa kwa ife ogwira ntchito, n'kumwa pang'onopang'ono maso ali pa asewele.

"Jinja mumadziwa kuthira," anatero. "Onjezani."

Anaonjezera. Tiyi wina anatayikira pabulangete. Kapu itatha a Namphuno anangoitambasulanso. Amayi a m'mabedi ena anayamba kukodolana ndi kusekera m'mapilo. Wina anati sanaonepo apongozi adyera chotero, olanda tiyi wa munthu wopita ku mpeni.

"Amayi, mundisiyireko pang'ono," anatero mtsikana, misozi ili lengelenge.

"Iwe ndikutungira madzi."

Nthawi yonseyi asewele akanatha kukumbatira fulasiki yawo n'kunena kuti basi, musamwenso, akupwetekani. Sananene. Ankangothira. Awiriwo ankayang'anana pamwamba pa kapu, aliyense akudziwa kuti mnzake akudziwa.

Kenako asisitala analowa kumapeto kwa wodi akukankha katebulo ka mankhwala. A Namphuno atawaona anatenga fulasiki yeniyeniyo n'kugugudiza zotsalazo, n'kuigwedeza pafupi ndi khutu kuti amve ngati yatha.

"Zikomo, asewele. Fulasiki isiyeni, nditsuka ndine. Ndipo musavutikenso ndi tiyi, kuno madzi alipo."

Mayi wambale anachoka belu lotulutsa oona odwala lisanalire, anaiwala ndi chikwama chomwe.

Sipanapite nthawi, ndinapita kukataya madzi m'chipinda chotsukiramo ndowa ndi mabeseni. Ndinawapeza a Namphuno atagwada pansi pa sinki, dzanja limodzi pamimba, lina likulimbana ndi kutsuka fulasiki. Thukuta linali kamukamu. Mimba yopanda mwana inkakoka, ndipo anali atasanza paliponse. Jinja uja atatha mphamvu, fungo la pansi pake linatsala poyera, lowawa, lokhala ngati la dothi lonyowa. Ngakhale ine wa mphuno yakufa ndinalimva.

"Tseka chitseko," anatero akundigwira diresi. "Usaitane munthu."

Ndinaitana, ndipo zitachitikanso ndingaitanenso. Munthu wamkulu milomo itayera sungamusiye pansi chifukwa wakuuza.

Asisitala anawaika dilipu, anadikira kuti mpweya ubwerere, kenako anakoka katani n'kufunsa. Ine ndinali pomwepo ndi beseni.

"Mayi, muzu uwu wabwera ndi ndani?"

"Ndine."

"Fulasiki si yanu."

"Ndinathira ndine ndikuwanyamulira. Asewele sakudziwa kanthu."

Beseni linatsala pang'ono kundipulumuka. "Bodza limenelo, asisitala. Inabwera yomangamanga ndi nsalu. Ndinaona ndi maso angawa."

"Uyu ankayang'ana mopu yake," anatero a Namphuno, osandiyang'ana n'komwe.

Asisitala sanali opusa. Anafunsanso, anawauza kuti akuwapatsa mpata, anawachenjeza kuti yankho limenelo liwachotsetsa ntchito. Yankho silinasinthe. Ndipo nkhaniyo inkalowa bwino m'makutu a anthu: mzamba wakale, wochita manyazi kuti adzukulu ake akubadwa ndi mpeni, wasiya kununkhiza fulasiki imodzi yokha, wainyamula yekha kudutsa pakona. Zoti bwanji anamwa okha, ena ankati mtima unawatsutsa, ena ankati ankameza umboni ataona asisitala. Pofika madzulo wodi yonse inali itagwirizana, ndipo amayi okhuthuliridwa tiyi aja ndiwo ankaifotokoza bwino kwambiri.

M'mawa mwake mtsikana anapita ku thiyeta n'kubwerako ndi mwana wamwamuna wolira mosapatsa mpata. Adokotala anamuuza kuti chipsera chinali chitapyapyala kwambiri, ndipo matenda amphamvu akanangoyamba, iye kapena mwana, mwinanso onse, sakanatuluka amoyo. Mtsikanayo anaphatikiza zimenezi ndi zimene wodi inkanena. A Namphuno atabwera akudzikoka ndi dilipu yawo kudzaona mdzukulu, iye anamufunditsa mwanayo n'kutembenukira kukhoma.

Ntchito ya a Namphuno inatha sabata yomweyo. Benchi analibwezera m'kati, pakhomo anamatapo chikwangwani choletsa mafulasiki onse, ndipo tiyi wa odwala tinayamba kuphika tokha kuwodi.

Ndinapita kwawo tsiku langa lopuma, ndili ndi mkwiyo wa munthu amene amuyesa wabodza pamaso pa abwana. Ankakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa galaja imene mwana wawo ankagwirako ntchito. Ndinawapeza ataonda, akuchapa pakhonde.

"Bwanji simunangoigwetsa ngati mwangozi?" ndinafunsa moni asanathe.

"Ndikanagwetsa, akanabwera ndi ina madzulo. Anafunika aone munthu akumwa."

"Nanga bodza lija? Mwadzipachika nokha, mayi."

"Mwana wanga umamudziwa. Akanamva kuti ndi apongozi ake, akanawathamangitsa ndi sipanala, banja n'kutha. Ndipo mtsikana uja anataya kale mwana. Ataye ndi amake omwe? Atha kukhala wopanda ine, koma osati amake."

Ndinati amake otero ndi ofunika kuwataya kumene. Anasiya kuchapa, n'kupukuta manja pa diresi.

"Mkazi wa kalipentala uja unkandifunsa," anatero. "Ndinamupatsa ndine. Anali atatopa, akundipempha, ndipo ndinkamufunira zabwino ngati mmene asewele ankafunira mwana wawo. Ndiye ine ndikawaloze chala?"

Ndinabwerera wosokonezeka kuposa mmene ndinapitira. Munthu amene anathirapo kamodzi angalephere kuthiranso? Ndinkakumbukira kona ija ndi ndowa yanga yokodwa. Kansalu kaja, mfundo yake inali yomwe ndinaiona pakhomo, kapena inasintha? Khalidwe lawo lokayikira linali litandilowa, ndipo woyamba kumukayikira anali iwowo.

Ndinakafika mpaka kumsika, pamene mayi wambale ankayala katundu wake. Ndinanyamula fulasiki imodzi, ndinaitsekula, ndinasuzumiramo, n'kufunsa ngati mtundu umenewu umasunga fungo. Anandizindikira ndithu. Anangoti zimatengera chimene wathiramo, n'kuyamba kupukuta makapu amene anali oyera kale. Sindinagule kanthu, ndipo sindinadziwe kanthu.

Ndinapitirizabe kuwayendera a Namphuno. Mwana wawo anawakhululukira mwa njira ya amuna, yosatchulanso nkhaniyo. Mpongozi ankabwera mwa apo ndi apo, mwamuna akamukakamiza, atanyamula madzi akeake m'botolo. Nthawi zina ndinkamuyang'ana n'kumaganiza kuti mwina akudziwa, kungoti kuda apongozi n'kosavuta kuyerekeza ndi kuda amayi ako. Koma nkhope yake sinkanena kanthu. Mdzukulu atayamba kuyenda, agogo ake ankaloledwa kumupatsa nthochi yosasenda basi. Ankasankha nthochi zabwino kwambiri pamsika, atazinunkhiza zonse, ndipo sindinawamvepo akudandaula. Asewele sankapondako.

Asewelewo anadzabwera mdzukulu atayamba kale kulankhula. Anali masana, ine ndi a Namphuno tili pakhonde, mpongozi ali kuseri akusambitsa mwana amene anagwera m'mafuta a pagalaja. Mayi wambale anatulukira pageti atakalamba kuposa zaka zake. Moni unali wautali monga kale, wa kunyumba, wa miyendo, wa malonda. Kenako anatulutsa m'chikwama fulasiki yatsopano, yosamanga chilichonse. Anaitsekula, koma sanafunse kapu. Anagwada, n'kuikweza ndi manja awiri mpaka pansi pa mphuno ya a Namphuno, mutu uli pansi.

Palibe amene anali atamuuza kuti tsekulani. Pamenepo m'pamene kona ija inandichoka mumtima, ndipo malo ake analowa mkwiyo. Mnzake wataya ntchito, dzina ndi mdzukulu, iye n'kubwera ndi tiyi.

Kuseri kunamveka madzi akutayidwa, kenako mapazi akubwera.

"Tsitsani manja, asewele," ananong'ona a Namphuno. "Dzukani, mwana akubwera. Thirani."

Mpongozi anatulukira atanyamula mwana m'thaulo, n'kupeza amayi awiri atakhala pamipando, aliyense kapu m'manja. A Namphuno anakweza yawo. Asanamwe ndinaona mphuno ikufutukuka pang'ono, poti sakanachitira mwina. Kenako anamwa.

Mwana anatsetsereka m'manja mwa amake n'kuthamangira kwa agogo ake a nthochi, akuloza kapu.

"Nanenso, agogo."

A Namphuno anali atayamba kale kuuzira tiyi kuti azizire pamene mpongozi anamugwira mwanayo mkono n'kumukokera kwina.

"Bwera umwe wa agogo awa," anatero, akutenga kapu ya amayi ake.

Mayi wambale anayang'ana pansi. A Namphuno anauzirabe tiyi uja kanthawi, kenako anamumwa okha mpaka kutha.